Nanzikambe wa aphunzitsi

Anyamata othira gazolina pa bomba lina mu Ulongwe adaipatsa dzina lakuti Nanzikambe. Akaiona ikutulukira cha kumsika amayamba kukodolana, wina n'kunena kuti atereke madzi a tiyi chifukwa awira isanafike. Eni ake, omwe tauni yonse imangowatchula kuti aphunzitsi ngakhale choko adachisiya zaka zapitazo, dzinali amalidziwa bwino ndipo sadandaula nalo. Ndi galimoto yoyera ya mtundu wa Toyota Premio, ya injini ya malita 1.5, ndipo chifikire m'manja mwao muvi wake wa liwiro sudapitirirepo 100 iwo ali pa chiwongolero.

Anthu amaseka, koma ndi ochepa amene amadziwa m'mene galimotoyi idasankhidwira, ndi kuti nkhani yake idatenga miyezi isanu ndi umodzi, mpaka kutsala pang'ono kudanitsa bambo ndi mwana wake.

Ndalama zogulira sizidagwe kumwamba. Zina zidali zimene adasunga atalowa reforma, zina zidachokera ku ng'ombe zitatu zimene adagulitsa, zina ku mbatata ya kachewere ya nyengo ziwiri, ndipo zotsalazo adaonjezera ndi mwana wao wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino ku Johannesburg. Munthu wa zaka zopitirira 60 amene ndalama zake adazisonkhanitsa chotere sagula galimoto kawiri. Akaphonya waphonyeratu, ndipo chotsala n'kumangoyang'ana chitsulo chitakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Zitsulo zoterezi zilipo zambiri m'makomo a ku Angónia, ndipo chilichonse chidabwera ndi nthungululu tsiku loyamba.

Chimene chidawakakamiza chidali msana wa mayi a kunyumba. Mu 2022, mdzukulu atabadwa ku Johannesburg, awiriwa adanyamuka pa chapa mpaka ku Tete, kenaka basi yodzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge. Ndi ulendo wa makilomita oposa 1,700, ndipo adagona masiku awiri ali chikhalire pa mpando, katundu ali pamiyendo. Pofika, mayi aja adachita kutsitsidwa ndi anthu awiri. Kwa masiku atatu adangogona chagada pa mphasa, mdzukulu amene adamuyendera mtunda wonsewo akumuona ali m'manja mwa ena. Pobwerera adauza amuna ao mosapsatira mau kuti, "Bambo, ulendo uwu ine ndi womaliza. Akafuna kundiona adzibwera okha."

Aphunzitsi sadayankhe, koma mau amenewa adawalowa. Mwana wina, wamwamuna, ali ku Beira kumene amagwira ntchito ku doko. Kutanthauza kuti ana onse awiri ali kumapeto kwa miseu yaitali ya tala, ndipo nkhalamba ziwiri zidali pafupi kuyamba kudziwa adzukulu ao pa zithunzi za m'foni zokha.

Mbiri itamveka kuti aphunzitsi akufuna galimoto, alangizi adachuluka ngati pa maliro a mfumu. Woyamba adali mwana wa ku Beira uja. Iye adati palibenso zokambirana, agule Toyota Mark X, ya injini ya masilinda asanu ndi imodzi, malita 2.5. Adati, "Bambo, inu mwaphunzitsa anthu zaka 35. Mukamadutsa anthu azidziwa kuti mwadutsa. Ndiponso ku South Africa miseu ndi ya 120, mukapita ndi kagalimoto kofooka akakupondani." Mnyamatayu sankanena mwachipongwe ai. Ankafuna kuti bambo ake alemekezeke, ndipo mwinanso, tikanena zoona, ankaganizira za masiku amene iye adzaibwereke.

Alamu ao a ku Domwe adati zonsezo n'zachibwana. Mwamuna wa ku Angónia amagula pikapu ya dizilo ya makabini awiri, yonyamula feteleza ndi matumba, yosaopa matope. Aphunzitsi eni ake mtima wao udali kwina. Iwo, monga munthu amene moyo wake wonse wakhala akuwerengera metikali iliyonse, adaganiza kuti yosamwa mafuta ndi yaing'onong'ono basi, ndipo adali atayamba kale kufunsa mitengo ya Toyota Vitz ya lita imodzi.

Amene adawongola nkhani ndi mekaniku wina wa ku Moatize, yemwe adali mwana wao wa sukulu kalelo. Atamufotokozera zonse, iye adapukuta m'manja ndi kansanza n'kufunsa funso limene palibe ndi mmodzi yemwe adali atafunsa. "Aphunzitsi, kodi inuyo mukufuna kumayenda pa liwiro lanji?"

"Pa 90, mwanawe. Ikachuluka 95."

"Ngakhale mseu uli wabwino, wopanda kanthu kutsogolo?"

"Ngakhale atauyala ndi galasi."

Yankho limeneli lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili m'kati, munthu sankayenda yekha pa mseu wochokera ku Cuchamano kudzera mu Tete mpaka ku Zobwe. Magalimoto ankadikirana n'kuyenda pa mndandanda umene anthu ankautcha koluna, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Aphunzitsi, ali mnyamata wongoyamba ntchito, adakwerapo koluna kangapo pamwamba pa lole. M'masiku amenewo liwiro lidali moyo. Motolista sankaima pa dzenje, sankaima wina akadwala, sankaima ngakhale chipewa kapena katundu agwe, chifukwa wotsalira m'mbuyo ndiye ankakhala ndiwo za mfuti za m'tchire. Tsiku lina lole imene idali patsogolo pao idalephera kukhota pa liwiro limenelo n'kugudubuzika, popanda ndi chipolopolo chimodzi chomwe chidaombedwa. Iwo adadutsa osaima, akuona anthu ali mbwee m'mbali mwa mseu. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma thupi la aphunzitsi silidaiwale. Mpaka lero galimoto ikayamba kuthamanga, m'manja mwao mumachita thukuta. Adauza mekaniku uja kuti adathamanga kokwanira pa nthawi imene kunali chothawa.

Mekaniku adati ngati zili choncho ndiye kuti Mark X ichotsedwe pa mndandanda nthawi yomweyo. Osati chifukwa ndi yoipa, pakuti ndi galimoto yokoma ndithu, koma chifukwa munthu woyenda pa 90 adzakhala akudyetsa ng'ombe zisanu ndi imodzi pamene ngolo ikukokedwa ndi ziwiri. Injini yaikulu imamwa ngakhale isakugwira ntchito yolemetsa, ndipo mapulagi, mafuta a mu injini ndi matayala ake zonse zimabwera ndi mtengo wa ukulu wakewo.

Za pikapu adati alamu adanena zoona theka. Kumbuyo kwa pikapu kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, opangidwira kusenza katundu wolemera. Ikasenza imayenda mofatsa, koma ikakhala yopanda kanthu imadumpha pa kabampu kalikonse, ndipo amene amamva kudumphako ndi wokhala mpando wakumbuyo, womwenso m'mapikapu ambiri ndi woimirira ngati benchi ya m'tchalitchi. Kwa munthu wa msana kumeneko n'kumutengera ku chipatala. Dizilo nayenso amapindulira munthu woyenda tsiku ndi tsiku. Woyenda maulendo anayi kapena asanu pa chaka sangabweze ndalama yoonjezera imene wagulira galimotoyo, ndipo injini za dizilo za masiku ano zikangomwa mafuta a zitsotso kapena osakanikira madzi kamodzi, mtengo wokonzera majekiseni ake umafanana ndi wa ng'ombe. Theka limene alamu adalondola ndi la matope. Galimoto yofewa pa tala imakhala yaifupi, ndipo mu Janyuwale siingafike kumunda. Apa panalibe kuchitira mwina koma kusankha, ndipo aphunzitsi adati kumunda akhala akupita pa njinga zaka zonsezi ndipo njingayo ikadalipo.

Chovuta chidali kuwachotsa pa Vitz, chifukwa aphunzitsi akagwira mfundo ya masamu sagonja ndi pakamwa. Mekaniku sadalimbane nao. Adabwereka Vitz ya mnzake, adakweza anthu anayi ndi matumba awiri a chimanga kuti afanizire katundu wa pa ulendo, n'kuwapatsa makiyi kuti ayendetse okha kuchokera ku Moatize kuloza ku Zobwe. Amene amaudziwa mseu wa N7 akudziwa kuti kumeneko ndi kukwera, kuchoka m'chigwa chotentha cha Zambezi kupita kumapiri. Pa chitunda choyamba chenicheni kainjini ka masilinda atatu kadayamba kulira ngati chigayo, phazi lili pansi, muvi ukutsika. Atafuna kupitirira lole ya makala adachita kuwerenga mpaka makumi awiri ali mbali ya eni ake, mtima uli m'mwamba. Lole ina itadutsa kuchokera kutsogolo, mphepo yake idakakankha kagalimotoko ngati tsamba. Pobwerera adaima pa bomba n'kudzaza, ndipo mafuta amene kadamwa sadali ochepa monga ankayembekezera. Kainjini kakang'ono kamasunga mafuta m'tauni, kali ndi munthu mmodzi kapena awiri. Kakasenzetsedwa ndi kukwezedwa phiri kamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndipo kamamwa molingana ndi thukuta lake.

Palinso china chimene mekaniku adawaonetsa ndi tepi yoyezera. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa Vitz ija udali mamita 2.46. Pa Corolla wamba ndi 2.6, pa Premio ndi 2.7. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa pa pepala, koma galimoto yaifupi imagwedezera mutu pa bampu iliyonse monga bwato laling'ono pa mafunde, pamene yotalikirapo imangoyandama. Wokhala kumbuyo ndiye amadziwa kusiyanaku kuposa woyendetsa.

Adakambiranako za magalimoto ophatikiza gazolina ndi batire, monga Prius imene idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndi ing'onoing'ono yake yotchedwa Aqua. Amenewa amasunga mafuta kwambiri pamene pali kuimaima, monga m'kati mwa Beira kapena Maputo. Pa mseu wautali phindu lake limachepa, ndipo batire lokalamba silikondana ndi kutentha kwa ku Tete. Mekaniku adavomera yekha kuti likafa iye alibe zida zolikonzera. Nkhani idathera pomwepo.

Tsono chidatsala ndi galimoto yapakatikati, ya injini ya malita 1.5, yotalika bwino, yofewa. Injini imeneyi ya Toyota, imene amakaniko amaitchula kuti 1NZ, ili m'magalimoto ambirimbiri m'chigawo chino, moti zipangizo zake zimapezeka ku Tete, ku Chimoio, ngakhalenso kungodumpha malire pa Calómuè kupita ku Dedza. Mkati mwake muli tcheni m'malo mwa lamba wa labala amene amafuna kusinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye nkhawa imodzi idachepa.

Magalimoto ambiri oterewa amabwera atagwirako kale ntchito ku Japan, ndipo pali zifukwa ziwiri zimene amatiyenerera kuno. Ku Japan amayenda kumanzere kwa mseu monga ku Mozambique, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera. Chachiwiri, kumeneko galimoto imayenera kupimidwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, kotero ambiri amagulitsa galimoto ikadali yolimba. Amalonda amazitumiza pa sitima kudzera m'madoko monga Beira, Maputo, Durban ndi Dar es Salaam. Mwana wa ku Beira adati aitanitse pa intaneti poona zithunzi, chifukwa zimatsikirako mtengo. Aphunzitsi adakana. Adati amene akugulirayo ndi msana wa amake, ndipo msana suona zithunzi.

Choncho tsiku lina m'mawa adatsika ku Tete onse atatu, iwo, mayi ndi mekaniku. Pa malo oyamba ogulitsira magalimoto adapeza Premio yonyezimira imene wotchi yake inkaonetsa makilomita 48,000 okha. Wogulitsa adalumbira mpaka kutchula manda a agogo ake. Mekaniku sadatsutse. Adangogwada n'kuyang'ana labala wa pa chopondera mabuleki, amene adali atadyeka mpaka chitsulo kuonekera, kenaka adasisita chiwongolero chimene chidali see ngati mpini wa khasu lakale. Adanong'oneza aphunzitsi kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo adatuluka. Manambala a pa wotchi munthu amatha kuwabweza m'mbuyo, koma phazi limene laponda zaka khumi silibisika.

Pa malo achitatu ndi pamene adaipeza. Wotchi yake inkanena zoposa 90,000 ndipo zonse za m'kati zinkavomerezana nayo. Mekaniku adalowa pansi, adaona ngati pali podontha, adanunkhiza mafuta a m'giya, adayatsa choziziritsa mpweya n'kudikira kuti aone ngati chizizire ndithu. Ena amati choziziritsa n'cha anthu onyada. Amenewo sadadutsepo pa Changara mu Novembala masana, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa milambe. Kutsegula mawindo pa mseu waukulu kumabweretsa fumbi ndi phokoso limene limatopetsa munthu kuposa kuyendetsa kwenikweniko.

Nthawi yonseyi mayi adali atakhala mpando wakumbuyo osanena kanthu. Mwangozi dzanja lao lidakhudza kachitsulo kena m'mbali, ndipo chotsamira chidapendekera m'mbuyo pang'ono. Premio ili ndi kameneko, mpando wakumbuyo umatha kugonekedwa. Adatsamira, adatseka maso, ndipo patapita kanthawi adati, "Bambo, lipirani." Aphunzitsi amanena mpaka lero kuti masamu onse amene adachita miyezi isanu ndi umodzi adagonja kwa kachitsulo kameneko.

Padatsala mkangano umodzi. Galimotoyo idali itavekedwa mawilo akuluakulu onyezimira a mainchesi 17, okhala ndi matayala opyapyala, ndipo wogulitsa ankawatamanda ngati ndiwo mtengo wonse wa galimoto. Mekaniku adati achotsedwe, abwezeretse a mainchesi 15 amene idabadwa nao. Wogulitsa adaganiza kuti sadamve bwino. Koma nkhani yake ndi yosavuta. Pa tayala pamalembedwa manambala, monga 185/65. Yoyambayo ndi kufufuma kwa tayala m'mamilimita, yachiwiriyo ikunena kuti khoma la tayala ndi lotalika magawo 65 pa 100 a kufufumako, omwe ndi masentimita 12. Matayala onyezimira aja adali 215/45, khoma lake losakwana masentimita 10. Khoma limenelo ndiye pilo woyamba pakati pa dzenje la mu mseu ndi msana wa munthu. Likafupika, bampu iliyonse imafika yathunthu, ndipo dzenje lakuthwa limatha kung'amba tayala ndi kupinda wilo nthawi imodzi. Tayala la 15 ndi lotsika mtengo ndipo limapezeka paliponse, pamene la 17 munthu angagone nalo masiku awiri pa Catandica akudikira kuti libwere kuchokera ku Chimoio. Wogulitsa adasintha mokondwa, n'kuchotserako ndalama pang'ono. Mwana wa ku Beira atamva kuti bambo ake akana Mark X, ndipo pamwamba pake avula galimoto mawilo okongola, adakhala milungu itatu osaimba foni.

Giya ya galimotoyi ndi ya mtundu umene amautcha CVT, yosinthira yokha popanda masitepe. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amakula ndi kuchepa. Kwa munthu wa phazi lofatsa ndi yabwino zedi, chifukwa pa 90 injini imangong'ung'udza chapansipansi, anthu n'kumacheza osakweza mau. Koma mekaniku adawachenjeza kawiri konse kuti imafuna mafuta akeake, osati aliwonse ofiira a m'botolo la pa msika, ndiponso kuti asadzayerekeze kukokera ngolo kapena galimoto ina. Adawauzanso kuti ilibe kachipangizo kosunga liwiro kokha phazi litachotsedwa, kamene kamapumitsa mwendo pa mtunda wautali. Aphunzitsi adati mwendo wao ukatopa ndiye kuti nthawi yoima yakwana.

M'galimotomo mumakhala kope la sukulu ndi pensulo. Njira yao yoyezera ndi yakale koma siinama. Amadzaza thanki mpaka pakamwa, amalemba nambala ya pa wotchi, akafika amadzazanso n'kugawa. Pa ulendo woyamba wa ku Beira, kuchokera ku Tete kufika ku Chimoio, mtunda wa pafupifupi makilomita 400, idamwa malita 24. Patapita miyezi, mwana uja mtima utatsika, adabwera kudzacheza ndipo pobwerera adayendetsa ndi iye mtunda womwewo, bambo ake ali pambali atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko. Idamwa malita 31. Galimoto yomweyo, mseu womwewo, anthu omwewo.

Aphunzitsi adamufotokozera monga ankachitira m'kalasi. Aliyense amene adapalasapo njinga moyang'anana ndi mphepo ya mwera mu Julaye akudziwa kuti mpweya ndi khoma. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti khomalo silikula mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mpweya umakukankha kanayi. Kuchoka pa 90 kufika pa 120 ndi kuonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu, koma kukankha kwa mpweya kumakwera pafupifupi kawiri, ndipo amene amalipira ndi thanki. Mabuleki nawonso amatsata lamulo lomwelo. Mtunda umene galimoto imafuna kuti iime pa 120 ndi pafupifupi kawiri wa pa 90. Ndiponso pa sekondi imodzi imene munthu amatenga kuti aone mbuzi ndi kusuntha phazi, pa 120 wayenda kale mamita 33, pa 90 mamita 25. Tsono phindu la kuthamangako ndi lotani? Makilomita 100 pa 120 amatenga mphindi 50, pa 90 amatenga mphindi 67. Mphindi 17 zimenezo zimathera pa mzere wa portaji kapena pa kapu imodzi ya tiyi. Malamulo a pa mseu amalola galimoto yaing'ono kufika 120 kunja kwa midzi ndi 60 m'kati mwa midzi, koma pa miseu yathu midzi imagundana, ndipo wothamanga amangokhalira kuponda mafuta ndi mabuleki mosinthanasinthana, mafuta n'kumapsa pachabe. Mnyamatayo adamvetsera, adati zamveka, koma nkhope yake inkaonetsa kuti adzayendabe pa 120.

Mayeso enieni adali a ku Johannesburg, mu 2023. Adakonza livreti, seguru ndi mapepala a pa malire, adapima mpweya wa matayala m'mawa asanatenthe, ndipo adagwirizana kuti aziima maola awiri aliwonse kuti mayi aziyendako pang'ono. Tsiku loyamba adagona ku Tete, lachiwiri ku Harare kwa achibale. Pa Beitbridge adataya maola anayi pa mzere, pamodzi ndi magalimoto onse amene adawapitirira m'njira ndi mahutala.

Kutsidya kwa Limpopo ndi kumene aphunzitsi adaphunzira kuti kuyenda pang'onopang'ono nakonso kuli ndi malamulo ake. Pakati pa Musina ndi Polokwane mseu wa N1 m'malo ambiri uli ndi njira imodzi mbali iliyonse, ndipo posakhalitsa kumbuyo kwao kudapangika mzere. Adaona kuti oyendetsa a kumeneko, masana ndi pamene kutsogolo kukuoneka bwino, amapatukira pang'ono kuseri kwa mzere wachikasu kuti wofulumira adutse, ndipo wodutsayo amathokoza pophethiritsa magetsi. Adayamba kuchita chimodzimodzi, ndipo mayi adayamba kuwerenga amene athokoza ndi amene sadathokoze. Kupitirira Polokwane mseu udatambasuka, njira ziwiri mbali imodzi, ndipo lamulo lake ndi lakuti khala kumanzere, pitirira kumanja. Apa adapeza vuto lina. Malole akuluakulu kumeneko malire ao ndi 80, koma ambiri amayenda mopitirirako pang'ono. Munthu woyenda pa 85 amapezeka ali pakati pa malole, ina kutsogolo yotseka maso, ina kumbuyo yodzaza galasi lonse. Kumeneko si kupuma ai. Adakweza kufika pa 95 mpaka 100, kuti azipitirira malole mwakamodzikamodzi n'kubwerera kumanzere, ndipo pamenepo ndi pamene mapewa ao adatsika. Adavomera mumtima kuti mwana wao adali ndi kachoonadi kake, pakuti ndi Vitz ija sakadakwanitsa, makamaka poti dera la Johannesburg lili pamwamba mamita oposa 1,700 ndipo mpweya wopepuka wa kumeneko umalanda injini mphamvu.

Kope lija lili ndi tsamba limodzi limene aphunzitsi sakonda kuonetsa. Chifukwa cha kuchedwa pa malire ndi kuyenda kwaoko, dzuwa lidawalowera asanafike ndi ku Polokwane komwe. Makilomita pafupifupi 540 a kuchokera pa Beitbridge, amene wa 120 amawamaliza m'maola anayi ndi theka, iwo amafunika maola asanu ndi limodzi osawerengera zoima. Usiku sayendetsa, maso adayamba kuchita chidima. Adalipira chipinda cha alendo, ndipo ndalama ya chipindacho, kuphatikiza chakudya, idadya pafupifupi zonse zimene adapulumutsa pa mafuta kuchokera ku Ulongwe. Adazilemba ndithu, pakuti ndi munthu woona mtima pa masamu, koma adalemba ndi zilembo zing'onozing'ono.

M'mawa mwake adadutsa mageti a portaji a Nyl, Kranskop ndi Carousel. Cha ku Pretoria njira zidachuluka, magalimoto ali wiii mbali zonse, ndipo thukuta lija la m'manja lidabwerera. Adagwira njira yao ya kumanzere osaisiya, akutsatira mau a mkamwini amene ankawalondolera pa foni. Mayi kumbuyo adali m'tulo, mpando utapendekeka, ndipo za Pretoria adachita kumva pofotokozeredwa.

Adafika dzuwa lili paliwombo, tsiku lachinayi chinyamukire. Mkamwini adathamangira kukatsegula chitseko chakumbuyo atatambasula manja kuti awagwirize apongozi ake monga ulendo watha uja. Mayi adamuuza kuti apatuke. Adatsika okha, adadziwongola, adamasula kapulana wa m'chiuno n'kufunsa kuti mwana ali kuti. Mwanayo adali atayamba kale kuyenda ndipo adalira poona nkhope yachilendo, koma adamugwira, adamuponya kumsana n'kumanga mfundo pachifuwa.

"Koma ndiye mwachedwatu, amayi," adatero mwana wao wamkazi. "Timakuyembekezani dzulo."

"Timabwera," adayankha mayiwo, akuyendayenda pabwalo ndi mdzukulu kumsana.

Aphunzitsi adali asanatsike. Adali atavala magalasi, kope lili pa chiwongolero, akulemba nambala ya pa wotchi.